Kupima kutentha kwa oyilo ndi thermostat ya oil cooler pa galimoto za kunyanja

Galimoto ya kuno ku Salima imagwira ntchito za mitundu iwiri. Masiku ambiri imangozungulira pafupi: pa Kamuzu Road, kumsika, ku Senga Bay ndi kubwerera, msewu wopanda zitunda, injini osavutika. Kenako tsiku lina mwapakira matumba a mpunga kapena mabasiketi a nsomba, mwadutsa pa Kaphatenga kulunjika ku Lilongwe, ndipo posakhalitsa msewu wa M14 wayamba kukwera, kudutsa ku Mvera mpaka kumtunda kwa Dowa, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000, ndipo mtunda wonsewo injini imaukwera itasenza. Oyilo yemweyo ayenera kupirira ntchito ziwiri zonsezi. Pa maulendo afupiafupi asakhale wozizira kwambiri, pa chitunda asapse.

Kachipangizo kamene kamathandiza kuti zimenezi zitheke ndi thermostat ya oil cooler, valavu yolamulira nthawi imene oyilo amadutsa mu cooler, chida choziziritsira oyilo wa injini. Ndi kakang'ono, kobisika, ndipo ndi kamene anthu ambiri amathamangira kuchotsa galimoto ikayamba kutentha. Malangizo awa ndi oti muyambe mwapima musanachotse kapena kugula kanthu.

Yambani ndi manambala

Geji ya pa dashibodi, ija ya C ndi H, imaonetsa kutentha kwa madzi a mu rediyeta. Sinena kanthu za oyilo. Madzi amatha kukhala bwinobwino, kamuvi kali pakati, pamene oyilo mu sampu, beseni lachitsulo la pansi pa injini mmene oyilo amakhala, akupsa. Komanso m'mawa madzi amafunda msanga, oyilo akadali m'mbuyo. Kamuvi kakafika pakati musaganize kuti injini yonse yakonzeka.

Oyilo wa injini zambiri amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 90 ndi 110. Mukawerenga pa chigubu, monga 15W-40, 20W-50 kapena 5W-30, nambala yachiwiriyo imanena za kukhuthala kwa oyilo pa madigiri 100, chifukwa m'pamene opanga injini amayembekezera kuti oyilo azikhala. Akapitirira madigiri 120 kwa nthawi yaitali, oyilo wamba amapyapyala, amada msanga ndipo amatha mphamvu. Akatswiri a oyilo ali ndi kawerengedwe kawo koti madigiri 10 aliwonse owonjezera amachititsa kuti oyilo awonongeke mofulumira kawiri. Oyilo wa synthetic amapirirako kuposa apa, koma nayenso ali ndi malire.

Mbali imene imaiwalika ndi ya kuzizira. Petulo kapena dizilo akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, pafupifupi lita imodzi ya madzi pa lita iliyonse ya petulo. Yambiri imatuluka ku ekizozi, koma ina imadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo, pamodzi ndi mafuta osapsa. Oyilo akamafika pa madigiri 80 kupita m'mwamba n'kukhalapo kwa kanthawi, madziwo ndi mafutawo amauluka. Akamangokhala pa 60 kapena 70, zonsezo zimatsalira, zimasanganikirana ndi mwaye n'kupanga matope akuda amene amatseka tinjira ta oyilo. Oyilo wozizira amakhalanso wokhuthala, amachedwa kufika ku mabeyaring'i, ndipo injini imamwa mafuta ambiri pomukankha.

N'chifukwa chake pali thermostat. M'kati mwake muli kachibotolo kachitsulo kodzaza ndi phula lapadera, kamsomali ndi sipuling'i. Oyilo akazizira, phula limakhala lolimba ndipo njira yachidule imakhala yotsegula: oyilo amachoka ku pampu, kudutsa mu fyuluta, kulowa mu injini, osakazungulira ku cooler. Akafika pa nambala imene thermostat inapangidwira, phula limasungunuka, limafufuma, limakankha kamsomali, njira yachidule ija imatsekeka ndipo oyilo amakakamizika kudutsa mu cooler. Zambiri zogula padera zimayamba kutsegula njira ya ku cooler pa madigiri 80 mpaka 92 kapena pafupi pamenepo. Zambiri sizitsekeratu njira ya ku cooler ngakhale oyilo ali wozizira. Zimasiya pang'ono kuti azidutsa, cholinga choti mu cooler musakhale mpweya komanso kuti oyilo wozizira asalowe mu injini yotentha nthawi imodzi.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwiritse, chifukwa ndi imene imapulumutsa ndalama. Thermostat imaika malire a pansi okha. Malire a pamwamba amaikidwa ndi kukula kwa cooler ndi mphepo imene ikuifika. Thermostat ikatsegula yonse, ntchito yake yatha. Ngati oyilo wanu amafika pa 130 mukamakwera ku Mvera, thermostat inatsegula kalekale musanafike n'komwe pa chitunda, ndipo kuichotsa kapena kuika ya nambala yotsika sikuchotsapo digiri ngakhale imodzi pamwamba paja. Chimene mungapindule n'choti oyilo azichedwa kufunda m'mawa uliwonse. Mudzamva ena akunena kuti, “Bwana, kuno ndi kunyanja, kulibe chisanu, thermostat ndi ya kwa azungu.” Amanena ndi mtima wabwino, koma taganizani: ngakhale masana a Novembala, mpweya wa madigiri 35 ndi wozizira kwambiri poyerekeza ndi madigiri 90 amene oyilo akufuna. Nanga m'mamawa wa Juni, mwera ukuwomba?

Dziwani mtundu wa cooler imene muli nayo

Tsegulani boneti injini itazizira, mufufuze pamene pali fyuluta ya oyilo.

Mukaona mapaipi awiri okhuthala akuchoka pafupi ndi fyuluta kupita kutsogolo, ku karediyeta kakang'ono kamene kali patsogolo pa rediyeta yaikulu kapena kuseri kwa bampala, ndiye kuti muli ndi cooler yoziziritsa ndi mphepo. Imeneyi ndi imene imafuna thermostat yakeyake. Thermostatyo ikhoza kukhala mu mbale ya aluminiyamu yokhala pakati pa fyuluta ndi injini, imene amaitcha sandwich plate, kapena m'kabokosi ka makomo anayi kolumikizidwa pa mapaipi, kapena m'nyumba ya fyuluta momwe, monga zimakhalira pa galimoto zina za ku Ulaya. Chenjerani ndi galimoto za otomatiki: karediyeta ka kutsogolo nthawi zina kamakhala ka oyilo wa giyabokosi. Tsatirani mapaipi ndi maso mpaka kumene akuchokera.

Mukaona kabokosi ka timbale tosanjikizana pansi pa fyuluta, kolowa timapaipi ta madzi, kapena chivundikiro chachitali m'mbali mwa buloko monga pa injini zambiri za dizilo za Toyota, za mu Hilux, Hiace ndi Land Cruiser, imeneyo ndi cooler yoziziritsa ndi madzi. Nthawi zambiri ilibe thermostat ya oyilo. Oyilo amatsatira madzi: m'mawa madzi amamufunditsa, pa chitunda amamuziziritsa. Pa galimoto zotere, thermostat ya madzi ndi imenenso ikulamulira oyilo, choncho amene anaichotsa anawononga zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan zilibe oil cooler n'komwe, ndipo pa ntchito imene zinapangidwira siziifuna. Vuto limabwera pamene galimoto ya anthu asanu ndi awiri ikunyamula khumi ndi katundu wawo tsiku ndi tsiku.

Pimani

Njira yotsika mtengo ndi thermometer ya infrared, ija yooneka ngati kamfuti. Mukangoimika galimoto, injini ikulirabe, lozani pa sampu kapena pa fyuluta. Imawerenga bwino pa chitsulo chopentedwa chakuda. Pa aluminiyamu wonyezimira imanama, imaonetsa nambala yotsika. Matanipo kachidutswa ka tepi yakuda n'kuloza pamenepo. Kumbukirani kuti mukupima kunja kwa chitsulo chimene mphepo ikuchiwomba, ndiye oyilo weniweni m'katimo ndi wotentherapo pang'ono.

Njira yabwino kuposa ndi geji ya oyilo yokhala ndi sensa yake, yomangidwa pa sandwich plate kapena pa bawuti ya sampu, chifukwa mumaona nambala galimoto ikuyenda. Kachipangizo ka OBD2, kolumikiza kompyuta ya galimoto ndi foni, nakonso kamathandiza, koma pokhapokha ngati galimotoyo ili kale ndi sensa ya kutentha kwa oyilo, ndipo zambiri zilibe.

Pimani katatu, mulembe m'kabuku. Koyamba mutazungulira m'tauni mmene mumachitira tsiku lililonse. Kachiwiri mutathamanga pamsewu wa M5 kwa theka la ola, monga kulowera ku Khombedza kapena ku Chipoka. Kachitatu pamwamba pa chitunda, mutasenza katundu wanu wa nthawi zonse, masana kukutentha. Kwa a ku Nkhotakota, msewu wa M18 wopita ku Kasungu uli ndi zitunda zokwanira, koma pimirani kunja kwa nkhalango ya zinyama, osaima m'katimo.

Manambala atatuwa amakuuzani nkhani yonse. Ngati onse ali pakati pa 85 ndi 115, tsekani boneti, palibe chogula. Ngati pamsewu oyilo sakupitirira 70, thermostat yakanirira potsegula, kapena wina anaichotsa, kapena cooler inamangidwa popanda thermostat. Ngati m'tauni muli bwino koma pa chitunda mukudutsa 120, pali ziwiri: thermostat yakanirira potseka, kapena cooler ndi yochepa, yatsekeka ndi zinyalala, kapena mphepo siikuifika. Chizindikiro china cha oyilo wotentha mopitirira ndi getsi lofiira la oyilo lophethira mukaima pamwamba pa chitunda injini ikulira pang'onopang'ono. Limenelo musalinyalanyaze, ngakhale lizime mukaponda mafuta.

Yesani ndi dzanja galimoto isanamasulidwe

Izi ndi za cooler ya mphepo. Lizani injini m'mawa itagona usiku wonse, handibuleki itakokedwa. Samalani fani ndi malamba. Malaya a manja aatali apindeni. Gwirani mapaipi awiri aja pafupi ndi cooler. M'mphindi zoyamba ayenera kukhala ozizira, kenako ofunda pang'ono chabe, pamene fyuluta ikunka itentha. Mapaipi akamatentha limodzi ndi fyuluta kuyambira pachiyambi, oyilo yense akudutsa mu cooler nthawi isanakwane.

Kenako yendani mphindi makumi awiri kapena makumi atatu, muime, mupimenso, koma ulendo uno ndi thermometer, osati dzanja, chifukwa paipi ya madigiri 90 imasupula khungu. Oyilo akadutsa nambala ya thermostat, mapaipi onse awiri ayenera kukhala otentha, yolowa yotentha kuposa yotuluka. Mukapeza sampu ili pa 110 koma cooler ili yofunda chabe, thermostat siikutsegula.

Iphikeni mumphika

Mukaikayikira, ichotseni injini itazizira. Pa sandwich plate zambiri pamakhala chitsekero cha bawuti yaikulu kapena kolowa Allen key. Masulani pang'onopang'ono mutachikankha ndi chala, chifukwa kumbuyo kwake kuli sipuling'i yofuna kudumpha. Jambulani chithunzi pa foni mmene zidutswa zatulukira, muziyale pa nsalu yoyera motsatana. Kubwezera kachibotolo chozondoka n'kosavuta, ndipo zotsatira zake ndi thermostat yosagwira ntchito imene inu mukuikhulupirira.

Yang'anani nambala yodindidwa pa kachibotolo. Tengani mphika wakale umene simudzaphikiramonso chakudya, muthiremo madzi, mumange kachibotolo ndi kawaya kuti kalendewere pakati pa madzi osakhudza pansi pa mphika, popeza pansipo pamatentha kuposa madzi. Ikani pa mbaula ndi thermometer yoviika m'madzi, moto usakhale wambiri. Muyese kutalika kwa kamsomali madzi ali ozizira. Madzi akamayandikira nambala ija, muona kamsomali kakuyamba kusuntha, pang'onopang'ono, kutuluka mamilimita angapo mpaka kuima. Kasunthe mosalala, osati modumpha. Phulani mphika, madzi azizire, ndipo mukakakankha ndi chala kabwerere pamalo pake. M'galimoto ntchito yobwezayo ndi ya sipuling'i. Kamsomali kosasuntha madzi mpaka kubwata, kapena kotuluka kale kosafuna kubwerera, kapena kachibotolo kokhala ndi zizindikiro zoti phula linatayika, n'kakufa. Sikakonzedwa, kamangosinthidwa.

Thermostat za nambala yoposa 100 madzi sangazitsegule, chifukwa amabwata asanafike pamenepo. Zimenezo amaziyesa mu mafuta otentha, ndipo pa mbaula ya makala ndi ngozi ya moto. Ndi bwino kungodalira zimene mapaipi akuonetsa pa galimoto.

Thermostat ya madzi imayesedwa chimodzimodzi. Pa injini zambiri za Toyota pamadindidwa 82, ndipo pofika madigiri 95 valavu yake iyenera kukhala itatsegula mamilimita 8 mpaka 10.

Musanabwezere, yang'anani m'bowo mmene kachibotolo kamayenda. Nthawi zina thermostat ndi yamoyo koma matope a oyilo wakale aigwira. Tsukani ndi palafini, muumitse, mupake oyilo watsopano.

Ngati mukuika yatsopano

Gulani cooler pokhapokha ngati manambala anu akusonyeza kuti ikufunika, ndipo muigule pamodzi ndi thermostat. Kwa galimoto yonyamula katundu kuno kunyanja, ine ndingasankhe ya 80 mpaka 85. Kwa galimoto ya petulo imene nthawi zambiri imangoyenda m'tauni, ya pafupi ndi 90 ndi yabwinopo. Za madigiri 70 kapena kutsika apo ndi za magalimoto ampikisano, zisiyeni.

Mazinga a fyuluta amasiyana. Toyota zambiri zimagwiritsa 3/4-16, pamene Nissan, Mazda, Mitsubishi ndi Honda zambiri ndi M20x1.5. Ziwirizi zimafanana m'maso ndipo imodzi imatha kulowa pang'ono pa inzake, kenako n'kuvuka muli paulendo, oyilo yense pansi. Pitani ndi fyuluta yanu yakale kwa wogulitsa. Yesaninso malo: mbale ija imatalikitsa fyuluta ndi masentimita atatu kapena anayi, ndiye muonetsetse kuti siikagunda chitsulo china kapena kulendewera pansi pamene miyala ingaipeze.

Masulani fyuluta, mupukute pamene imakhala mpaka pasakhale labala wakale kapena mchenga. Pakani oyilo pa O-ring ya mbale, kalabala kozungulira koletsa kudontha, mbali ya O-ring iyang'ane ku injini. Tembenuzani mbale kuti makomo ake aloze kumene mapaipi adzadutse, kenako mumange bawuti ya pakati mpaka pa mulingo umene walembedwa pa pepala la opanga. Kumanga mopitirira kumaphwanya O-ring, kumanga mosakwana kumachititsa kuti mbale izizungulira limodzi ndi fyuluta pa sevisi yotsatira.

Pa mapaipi musachite zotchipa. Akhale a oyilo enieni, opirira madigiri 150 ndi mphamvu ya pampu, ndipo bowo la m'kati lisachepere mamilimita 12. Paipi ya madzi kapena ya petulo imafewa ndi oyilo wotentha n'kuphulika, ndipo injini yopanda oyilo siichedwa kufa. Adutse kutali ndi ekizozi, asapindike mothina, ndipo paliponse pamene akukhudza chitsulo muwaveke labala n'kuwamanga. Mabampu ndi maenje a m'misewu yathu amachititsa paipi yolendewera kukhulana ndi chitsulo mpaka kubooka.

Cooler ikhale pamene mphepo imaifika mwachindunji, yomangidwa pa ngodya zonse zinayi ndi timalabala toletsa kunjenjemera. Makomo ake ayang'ane m'mwamba kapena m'mbali, osati pansi, kuti mpweya usatsekeredwe m'kati. Ngati ayang'ana m'mbali, oyilo azilowera khomo la m'munsi. Dziwaninso kuti cooler ikakhala kutsogolo kwa rediyeta imaipatsa mpweya wotentha, choncho rediyeta yotopa kale iyambe yatsukidwa kapena kusinthidwa. Cooler yakale yochotsedwa pa injini imene inanoka musaigule ngakhale itatchipa motani. Tizitsulo ta mabeyaring'i timabisala m'tinjira take ndipo kutsuka sikutichotsa tonse.

Dzazani cooler ndi oyilo musanalumikize paipi yomaliza. Injini idzafuna oyilo woonjezera, theka la lita mpaka lita imodzi malinga ndi kukula kwa cooler ndi mapaipi. Chotsani fyuzi ya pampu ya mafuta kapena waya woyenera kuti injini isalire, muzungulitse ndi sitata masekondi ochepa kangapo mpaka getsi la oyilo lizime. Bwezerani, lizani, mugwade ndi tochi kuyang'ana polumikizira paliponse. Yendani mpaka thermostat itsegule, muzimitse, mudikire mphindi zisanu kapena khumi pamalo osapendekeka, muonenso mulingo wa oyilo, chifukwa apa m'pamene umatsika. Kenako bwerezani kupima kuja katatu mufanizire ndi manambala akale.

Chisamaliro

Kuno zipsepse za cooler zimatsekeka msanga. Fumbi la chilimwe, njere za udzu, phulusa la nzimbe zowotchedwa cha ku Dwangwa, ndi tizilombo ta nkhungu tija timatuluka m'nyanja n'kudzaza mpweya, zonse zimamatirira pa zipsepse, makamaka ngati pali kadontho ka oyilo. Pa sevisi iliyonse tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo zipsepse zopindika muziwongole ndi kasikuludiraiva kakang'ono. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukira galimoto amagonetsa zipsepse zonse. Auzeni anyamata apopere chapatali.

Kwa amene muli ndi cooler ya madzi, mdani wanu ndi madzi a pa mjigo kapena a m'nyanja othiridwa mu rediyeta popanda coolant, mankhwala oteteza ku dzimbiri. Amadya timbale ta cooler mpaka kubooka. Popeza pampu ya oyilo imakankha ndi mphamvu ya ma bar atatu kapena anayi galimoto ikuyenda, pamene madzi amakhala pafupi ndi bar imodzi, oyilo ndi amene amalowa m'madzi. Mukatsegula chitsekero cha rediyeta, injini itazizira, mupeza zinthu zokhuthala zooneka ngati tiyi wamkaka. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi gasiketi ya hedi. Amakaniko asanamasule hedi, apempheni achotse kaye cooler, atseke khomo limodzi la oyilo, apopere mpweya ku linalo ataiviika mu beseni la madzi. Thovu likatuluka, vuto mwalipeza. Sinthani cooler ndi magasiketi ake, mutsuke rediyeta ndi mapaipi kangapo mpaka madzi azituluka oyera, musinthe paipi iliyonse ya labala imene yafewa ndi oyilo, mubwezeretse thermostat ya madzi ya nambala yoyenera, ndipo muthire coolant wosakaniza monga zalembedwera pa botolo. Oyilo wakuda ndi madzi otsukirawo muzisunge mu chigubu chotseka n'kukazisiya ku galaja imene imasonkhanitsa, osazitaya m'ngalande yopita kudambo kapena kunyanja.